Momwe madzi oundana anasemera mapiri a Rwenzori

Mapiri a Rwenzori ali m'malire a dziko la Uganda ndi Democratic Republic of Congo, pafupi ndi mzere wa ikweta. Nsonga yake yaitali kuposa zonse, ya Margherita pa phiri la Stanley, ndi yotalika mamita 5,109. Ngakhale kuti mapiriwa ali m'chigawo chotentha, zigwa ndi nyanja zake zinaumbidwa ndi madzi oundana.

Zaka pafupifupi 21,000 zapitazo, dziko lonse linali lozizira kwambiri kuposa lero. Chipale chofewa chimene chinkagwa pamwamba pa mapiriwa sichinkasungunuka chonse. Chinkaunjikana chaka ndi chaka, n'kutsenderezana mpaka kusanduka chimwala cha ayezi. Chifukwa cha kulemera kwake, ayeziyo ankatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kumunsi. M'chigwa cha Mubuku anatsika mpaka kumalo osafika mamita 2,500, kumene lero kuli nkhalango yowirira.

Potsetserekapo, ayezi ankazula miyala, ndipo miyala imene inamatirira kunsi kwake inkapala thanthwe ngati tupa. Mtsinje umakumba chigwa chopapatiza pansi, chooneka ngati chilembo cha V, koma ayezi amapala pansi ndi m'mbali momwe. N'chifukwa chake zigwa ngati cha Bujuku n'zotakata pansi, zokhala ndi makoma otsetsereka kwambiri, ngati chilembo cha U.

Nyengo itayamba kufunda, ayezi anabwerera kumtunda n'kusiya mitumbira ya miyala ndi dothi pamene ankalekezera. Mitumbira ina inatchinga madzi, monga inachitira pa nyanja yaing'ono ya Mahoma. M'maenje amene ayezi anakumba munadzaza madzi, ndipo m'malo ena athyathyathya munapangika madambo, monga a Bigo. Nyanja ndi madambowa zimasunga madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'mitsinje imene anthu a m'boma la Kasese amathirira mbewu ndi kupangira magetsi. Madziwa amakathera mumtsinje wa Nile.

Pamene gulu la Duke of Abruzzi linakwera mapiriwa mu 1906, ayezi analipo pamapiri 6. Pofika mu 2005 anali atatsala pamapiri atatu okha, a Stanley, Speke ndi Baker, ndipo akupitirizabe kuchepa chifukwa cha kutentha kwa dziko. Mu 1994, bungwe la UNESCO linaika malo otetezedwa a Rwenzori, mbali ya Uganda, pamndandanda wa chuma cha dziko lonse.