Mmene Anthu Anaphunzirira Kupima Mayendedwe a Munthu

Inu a kwa Zingalume mudziwa kuti munthu akamabwera patali pa mseu wocokera ku Chadiza, agogo amamuzindikira asanaone nkhope yake. Amangoti, "Uja ndi mwana wa uje, taonani mayendedwe." Koma maso sangathe kunena kuti bondo lapindika kufika pati, kapena kuti phazi lacedwa motani kuponda pansi. Dokotala wofuna kuthandiza mwana wotsimphina amafuna manambala otere. Tiyeni tione mmene anthu anawapezera.

Mu 1878, ku Palo Alto m'dziko la America, Eadweard Muybridge anandandalika makamera 12 m'mbali mwa njira yothamangamo akavalo. Funso linali lakuti, kodi ilipo nthawi imene kavalo wothamanga amakhala m'malere, miyendo yonse inayi osagunda pansi? Zithunzi zinaonetsa kuti ilipodi.

M'zaka za m'ma 1880, Étienne-Jules Marey wa ku France anayesa pa anthu. Anaveka munthu zovala zakuda zokhala ndi mizere yoyera m'mikono ndi m'miyendo. Pa cithunzi thupi silinaoneke, inangotsala mizere yosonyeza pamene ciwalo ciliconse cinali.

Kujambula kunatheka, koma kusandutsa zithunzi kukhala manambala inali nchito yowawa. Mu 1891, ku Leipzig m'dziko la Germany, Wilhelm Braune ndi Otto Fischer anamangirira timacubu towala pa thupi la munthu, namujambula usiku ndi makamera anayi. Masamu onse anawacita pamanja. Braune anamwalira mu 1892, ndipo gawo loyamba la zimene anapeza linasindikizidwa mu 1895.

Kompyuta ndiyo inathetsa kucedwa kumeneku. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mphunzitsi wa pa yunivesite ya New Mexico, Cleve Moler, analemba pulogalamu yowerengera masamu yochedwa MATLAB kuti ithandize ophunzira ake. Inayamba kugulitsidwa mu 1984.

Lero madokotala amamata timipira tonyezimira pa ciuno, pa bondo ndi pa kakolo pa mwana. Makamera ozungulira cipinda amatijambula ka 100 kapena kuposa pa sekondi imodzi. Kampira kakaonedwa ndi makamera awiri, kompyuta imapeza manambala atatu osonyeza pamene kali, niwatumiza ku pulogalamu yonga MATLAB. Mwana akali kuyenda, kupindika kwa bondo lake kwaoneka kale pa kompyuta. Izi zimathandiza kwambiri posankha opaleshoni yoyenera kwa ana amene ubongo wao unavulala pobadwa, miyendo niuma.

Kuno kwathu, cipatala ca Beit CURE ku Lusaka cakhala cikuthandiza ana opindika mapazi ndi miyendo kuyambira 2006. Nchito yoongola miyendo ifuna anthu odziwa thupi, odziwanso masamu. Masamu a ngodya aja mumawathawa kusukulu ndi omwewo amene amapima bondo la mwana.

Pa msonkhano wanu sabata ino werengani Macitidwe 3:1-10, muone mmene Petro ndi Yohane anaimira pamene ena ankangodutsa. Kenaka funsanani: kodi m'mudzi mwanu muli mwana wotsimphina amene anzake amamuseka? Pitani mukaceze ndi makolo ake, muwalimbikitse kupita naye kucipatala akali wamng'ono.