Chigoba cha mince pie: mbiri ya ufa, batala ndi uvuni ku England

Akamakamba za mince pie, kachitumbuwa kotsekemera kamene Angerezi amadya pa Khirisimasi, anthu ambiri amathamangira za m'kati mwake. Amadabwa kuti dzina likunena za nyama yogayagaya, koma ukaluma umapeza mphesa zouma, maapozi, shuga ndi zonunkhiritsa basi. Funso lakuti nyamayo inapita kuti ndi labwino ndithu, koma limatiphimba maso. Mbiri yeniyeni ya chakudyachi ili pa chigoba chake, ufa wokanda uja umene umakuta zonse. Tikachiyang'anitsitsa chigobacho tiona kuti mwambo umene lero amautama ngati wa makolo akalekale, woti mayi aliyense azikanda yekha ufa kukhitchini kwake mu Disembala, unafika mochedwa m'nyumba za anthu wamba, ndipo unangofika pamene mafakitale anali pafupi kuulanda.

Cha m'ma 1390, ophika a Mfumu Richard II analemba buku lotchedwa Forme of Cury, ndipo m'menemo muli kale zakudya za nyama ya nkhumba yosinja yosakaniza ndi zipatso zouma. Chigoba cha nthawi imeneyo ankachitcha coffin, mawu amene kalelo ankangotanthauza bokosi, asanasanduke dzina la bokosi la maliro. Ntchito yake inali ya mphika ndi chivindikiro: chokhuthala, cholimba, chotha kuima chokha mu uvuni popanda mbale, ndiponso chosunga nyama kwa masiku angapo. Gervase Markham, m'buku lake la mu 1615 lotchedwa The English Huswife, anasiyanitsa bwino zigobazi. Nyama zofunika kusunga nthawi yaitali, monga nguluwe, anati zikutidwe ndi ufa wa mbewu ya rye wokanda molimba, pomwe zodyera pompo zikadali zotentha zikutidwe ndi ufa wa tirigu wosalala, wopyapyala ndi wofumbutuka. M'buku lomweli muli mince pie ya mwendo wa nkhosa, mafuta ake, mphesa zouma ndi makoko a malalanje.

Apa wina angatsutse: ngati chigoba chofewa chinalipo kale mu 1615, bwanji tikunena kuti mwambowu ndi wa posachedwa? Yankho lili pa funso lakuti ndani ankatha kuchipanga. Chigoba chofumbutuka chimafuna mafuta okwana pafupifupi theka la kulemera kwa ufa, chimafuna ufa woyera wosefa kangapo, ndipo chimafuna uvuni, umene mabanja ambiri osauka a m'tauni analibe, moti ankanyamula chakudya chawo kukachiphikitsa kwa ophika buledi. Markham ankalembera mayi wa pakhomo lokhala ndi ng'ombe zamkaka ndi antchito. Umboni wa Samuel Pepys, kalaliki wamkulu wa za asilikali a pamadzi ku London, ukusonyeza zomwezo. Pa Khirisimasi ya 1666 analemba kuti mkazi wake anachezera mpaka 4 koloko m'bandakucha akuyang'anira atsikana antchito akupanga ma mince pie. Manja okanda sanali a mwini nyumba. Ndipo mu 1662, mkaziyo atadwala, Pepys anangotuma munthu kukagula yophikaphika, kusonyeza kuti kugula m'sitolo, kumene ena lero amakunyoza ngati ulesi wa makono, n'kwakale ngati kukanda komwe.

Nkhani yotchuka yakuti Oliver Cromwell, amene analamulira England pa nthawi imene kunalibe mfumu, analetsa mince pie tingaidutse msanga. Nyumba ya Malamulo inathetsadi chikondwerero cha Khirisimasi mu 1647, koma palibe lamulo limene linatchula chitumbuwachi, ndipo zoletsazo zinagwa ufumu utabwerera mu 1660. Chaka chomwecho Robert May anatulutsa The Accomplisht Cook, buku lokhala ndi zithunzi za maonekedwe a zigoba, ndipo patapita zaka makumi angapo Edward Kidder ankaphunzitsa amayi a ku London luso la ufa pa sukulu yolipira. Luso limene munthu amalilipirira sukulu si luso la nyumba iliyonse.

Chimene chinatsitsa chigoba kuchoka kwa olemera ndi mitengo ya zinthu. Shuga, wolimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa m'minda ya ku Barbados ndi Jamaica, anayamba kutchipa, ndipo kutsekemera kutachuluka nyama inayamba kuchepa. M'mabuku a zophika, Hannah Glasse mu 1747 anaika nyama ngati chinthu chowonjezera kwa amene akufuna, ndipo Isabella Beeton mu 1861 anapereka njira ziwiri, ina ya nyama ya ng'ombe, ina yopanda, kungotsala mafuta a pa impso. Nyama itachoka, chigoba sichinafunikenso kukhala bokosi losungira. Chinachepa, chinapyapyala, n'kusanduka gawo la kukoma kwake. Kenaka malamulo okweza mtengo wa tirigu wochokera kunja anathetsedwa mu 1846, msonkho wa shuga unachotsedwa mu 1874, zigayo zatsopano zachitsulo zinayamba kutulutsa ufa woyera wotsika mtengo, majarini anatulukiridwa ku France mu 1869, ndipo mbaula zachitsulo zokhala ndi uvuni zinalowa m'nyumba zambiri. Apa m'pamene mkazi wa kalaliki wamng'ono kapena wa mmisiri anatha kukanda yekha chigoba cha Khirisimasi. Koma onani kufupika kwa nthawiyo: mu 1893 mafuta a ng'ombe odulidwa kale a Atora anayamba kupangidwa ku Manchester, zosakaniza za m'kati zinayamba kugulitsidwa m'mabotolo, ndipo pofika m'ma 1950 ufa wokandakanda unali m'masitolo.

Kutsutsa kwina n'kwamphamvu, ndipo n'koyenera kukumvetsera. Munthu anganene kuti zaka 150 si zochepa, ndipo mwambo umene agogo anaphunzitsa mayi, mayi n'kuphunzitsa mwana, ndi mwambo ndithu ngakhale usafike kwa Richard II. Zimenezo n'zoona, ndipo lusolo ndi lenileni. Batala amafunika akhale wozizira, amafikisidwa mu ufa ndi nsonga za zala mpaka ufanane ndi nyenyeswa za buledi, madzi amathiridwa pang'onopang'ono, ndipo wokanda kwambiri ngati akupanga mandasi amadzutsa ulimbo wa mu tirigu, chigoba n'kulimba ngati chikopa. Nchifukwa chake chakudyachi chimayenda bwino m'chisanu cha ku England ndipo chimavuta m'kutentha kwa Disembala wa kuno. Kuvomereza luso sikutikakamiza kuvomereza nthano yakuti kale nyumba iliyonse inkanunkhira batala. Kwa zaka mazana ambiri amene ankakanda anali antchito ndi ophika olipidwa, ndipo amene ankadya anali ochepa. Wowerenga amene ali ku Leeds kapena ku Nottingham, akadzagula bokosi la ma mince pie asanu ndi imodzi m'sitolo Khirisimasi ikubwerayi, asachite manyazi: Pepys anachita zomwezo mu 1662.