Momwe asilikali anaphunzirira kumenya nkhondo ndi mphekesera

M'chaka cha 1951, nkhondo ya ku Korea ili mkati, akuluakulu a asilikali a m'ndege ku America anali ndi funso lowasowetsa tulo. Ndege zawo zinkamwaza timapepala tambirimbiri touza adani kuti angogonja. Koma ankatola timapepalato ndani? Wotolayo ankauza anthu angati? Nanga pofika kwa munthu wachitatu, uthengawo unkakhala uli momwe unachokera?

Asilikaliwo anapereka ndalama ku sukulu ya ukachenjede ya University of Washington kuti ifufuze. Ntchitoyi inatchedwa Project Revere ndipo ankaitsogolera Stuart Dodd, katswiri wa za kakhalidwe ka anthu. Popeza ku Korea kunali moto, akatswiriwa anayesera pa anthu akwawo. Ndege zinkadutsa pamwamba pa matauni ang'onoang'ono n'kumwaza timapepala, kenako ofufuza ankayenda khomo ndi khomo kufunsa amene wamva komanso kumene wamvera. M'tauni ina anauza amayi ochepa mawu otsatsira khofi, n'kulonjeza khofi waulere kwa aliyense wopezeka akuwadziwa, kuti aone liwiro la nkhani yoyenda pakamwa.

Zotsatira zake zinalembedwa mu 1958 m'buku la Melvin DeFleur ndi Otto Larsen lotchedwa The Flow of Information. Anapeza kuti kuchulukitsa timapepala kumathandiza, koma phindu lake limanka licheperachepera. Ana ndiwo ankathamangira kutola n'kupita nato kunyumba, ndipo uthenga ukangoyamba kuyenda pakamwa unkafupika ndi kupotoka. Ndege inkangoyambitsa, wofalitsa weniweni anali m'bale ndi mnansi.

Pa nthawi yomweyo a Britain ankalimbana ndi zigawenga za chikomyunizimu m'nkhalango za ku Malaya, nkhondo yomwe inayamba mu 1948 n'kutha mu 1960. Asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles anakamenya nawo kuyambira mu 1952, chaka chomwe General Gerald Templer anatenga ulamuliro n'kutchuka ndi mfundo yoti nkhondoyo ipambanidwa pokopa mitima ndi maganizo a anthu. Pamwamba pa nkhalango zomwe anyamata a kuno ankalondera pankadutsa ndege za zimkuzamawu, zikuitana zigawenga potchula mayina awo, nthawi zina ndi mawu a anzawo omwe anagonja kale. Katswiri wa ku America, Lucian Pye, anacheza ndi ogonjawo ndipo mu 1956 analemba kuti ambiri analowa m'gululo pofuna chitetezo ndi kukwera m'moyo, osati chifukwa chozama ndi mabuku a Karl Marx. Nzeru yotereyi ndiyo inkafunika kwa olemba timapepala: munthu wanjala m'nkhalango amamva msanga za chakudya, mphotho ndi chikhululukiro kusiyana ndi ulaliki wa ndale.

Komabe kukopa mitimako kunkayendera limodzi ndi waya waminga. Anthu pafupifupi theka la miliyoni, ambiri a mtundu wa Chitchaina, anasamutsidwa n'kuikidwa m'midzi yatsopano yotchingidwa.

Ku Philippines zinafika poipa. Edward Lansdale, msilikali wa America yemwe ankagwira ntchito ndi akazitape a CIA, anapita kumeneko mu 1950 kukathandiza boma kugonjetsa zigawenga za Hukbalahap. Iye ankatchera khutu ku nthano ndi zikhulupiriro za kumidzi, kumene anthu amaopa aswang, chinthu chomwe amati chimapopa magazi usiku. Amene anaona mmene mphekesera za anamapopa zinagwedezera Mulanje ndi Phalombe mu 2017 akudziwa mphamvu ya mantha otere. M'buku la mbiri ya moyo wake la mu 1972, Lansdale anafotokoza kuti anthu ake anayamba afalitsa manong'onong'o oti paphiri pomwe zigawenga zinkabisala pali aswang. Nkhani itazika mizu, anabisalira gulu la zigawengazo n'kugwira wotsalira m'mbuyo, kumuboola mabala awiri pakhosi, kukhetsa magazi ake, n'kubweza mtembowo panjira. Anzake atautola anasamuka paphiripo.

Ku Vietnam asilikali a America anatsata njira yomweyo. Atadziwa kuti anthu kumeneko amakhulupirira kuti mzimu wa munthu wosaikidwa kwawo umangoyendayenda, anajambula mawu a kulira ndi kubuula n'kumawaulutsa usiku pa zimkuzamawu, ngati mzimu wa msilikali wakufa ukuuza anzake kuti abwerere kumudzi.

Ubale wa asilikali ndi ophunzira sunayende bwino nthawi zonse. Mu 1964 asilikali a America anakhazikitsa Project Camelot, kafukufuku wofuna kulosera mmene kuukira boma kumayambira ndi kufalikira m'mayiko osauka. Nkhani itaululika ku Chile mu 1965, aphunzitsi a m'sukulu za ukachenjede ndi aphungu a kumeneko anakwiya, ndipo nduna ya zachitetezo ya America, Robert McNamara, inathetsa ntchitoyo chaka chomwecho. Maganizowo sanafe. Kuyambira mu 2007 mpaka 2014, ndondomeko ya Human Terrain System inkatumiza akatswiri a za chikhalidwe kuti aziyenda ndi asilikali ku Iraq ndi ku Afghanistan, akumasulira za mafuko, maukwati ndi ulamuliro wa akuluakulu a m'midzi. Bungwe la American Anthropological Association linaidzudzula mu 2007, ponena kuti zomwe anthu auza wofufuza zikhoza kuwaphetsa. Ndondomekoyi inadya madola oposa 700 miliyoni.

Intaneti inapatsa asilikali chomwe Dodd ankachisowa: njira yoonera uthenga ukudumpha kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake popanda kugogoda pakhomo. Ena anatsitsimutsa maganizo a Richard Dawkins, yemwe mu 1976 analemba kuti nzeru, nyimbo ndi miyambo zimachulukana ndi kupikisana m'mitu ya anthu. Mu 2006 Major Michael Prosser wa gulu la asilikali a America la Marine Corps anapempha kuti kukhazikitsidwe likulu lapadera lomenyera nkhondo yotereyi. Mu 2011 DARPA, nthambi ya America yoona za kafukufuku wa zankhondo, inaika madola pafupifupi 42 miliyoni pa ntchito yolondola mmene nkhani ndi mabodza zimafalikira pa masamba a mchezo. Britain nayo inakhazikitsa gulu la 77th Brigade mu 2015 kuti lizigwira ntchito zokopa maganizo, ndipo Russia ndi China zakhala zikudzudzulidwa kuti zili ndi magulu awo ochita zomwezi.

Vuto la chida chimenechi n'lakuti sichisankha woti chimulase. Mu June 2024 bungwe lofalitsa nkhani la Reuters linaulula kuti pa nthawi ya mliri wa Covid-19, asilikali a America anatsegula maakaunti abodza osachepera 300 pa Twitter, odzionetsa ngati a nzika za ku Philippines, onyoza katemera wa Sinovac wochokera ku China. Kwa Asilamu a m'mayiko a pakati pa Asia ndi ku Middle East ankafalitsa zoti katemera wa ku China ali ndi za nkhumba. Ntchitoyi inayamba mu 2020 n'kupitirira mpaka pakati pa 2021. Cholinga chinali kunyozetsa China, koma omva uthengawo anali anthu wamba ofunika katemera, m'dziko la Philippines lomwe pofika June 2021 anthu 2.1 miliyoni okha mwa 114 miliyoni ndi omwe anali atamaliza kubayitsa.

Malinga ndi Reuters, kampani ya General Dynamics IT, yomwe inkathandiza pa ntchitoyi, inapatsidwa kontilakiti ina ya madola 493 miliyoni mu February 2024 kuti ipitirize kuthandiza asilikali pa ntchito zachinsinsi zokopa maganizo a anthu.