Mbiri ya Kusoka M'kamwa Mong'ambika, Kuchokera ku Paris Kufika ku Likhubula

M'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumene mtsinje wa Likhubula umatsikira m'chigwa utadutsa pa Dziŵe la Nkhalamba, mwana akabadwa anthu amayamba aona zala, maso ndi mchombo. Ndi oŵerengeka amene amayasamitsa khandalo ndi kuyang'ana kumwamba m'kamwa mwake. Komatu kumeneko n'kumene kumabisala chilema china chimene chasautsa makolo kuyambira kalekale. Mlomo wong'ambika umaoneka tsiku lomwelo, ndipo mbiri imawanda mwana asanatuluke m'chikuta. Koma denga la m'kamwa likakhala long'ambika, mlomo uli bwinobwino, pangapite milungu ingapo anthu akungodabwa kuti mwana akulira usiku wonse, mkaka ukutulukira m'mphuno, ndipo sikelo siikukwera.

Omvera ayenera kudziŵa poyamba m'mene chilemachi chimadzera. Mwana akamaumbika m'mimba, nkhope yake siiyamba ili yathunthu. Mbali ziŵiri za mlomo wam'mwamba zimakula kuchokera uku ndi uku, n'kukumana pakati mimba isanakwane miyezi iŵiri. Denga la m'kamwa nalo limatero, ndipo limatsiriza kulumikizana mwezi wachitatu usanathe. Zikalephera kukumana, pamatsala mpata, ndipo m'kamwa ndi m'mphuno mumakhala ngati chipinda chimodzi. Zonsezi zimachitika pa nthaŵi imene mayi ambiri sanauze ngakhale apongozi awo kuti ali ndi pakati. Pa dziko lonse lapansi, mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 700 amabadwa ndi mlomo kapena m'kamwa mong'ambika. Aphunzitsi a ku College of Medicine ataŵerenga ana obadwira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre m'zaka za 1998 ndi 1999, anapeza chiŵerengero chocheperapo, chosakwana mwana mmodzi pa ana 1,000 alionse.

Anthu a mitundu yonse anafunafuna woti amloze chala, ndipo kaŵirikaŵiri chalacho chinkagwera mayi. Ku Europe ankati mayiyo anakumana ndi kalulu ali ndi pakati. Ku Mexico ankati anayang'ana kadamsana. Kuno kwathu ena amati anaseka munthu wolumala, ena amati pali amene anamlodza. Madokotala apeza kuti nthaŵi zina chilemachi chimayenda m'magazi a banja, kuchimuna kapena kuchikazi, ndi kuti fodya, moŵa, matenda a shuga ndi mankhwala ena a khunyu zimawonjezera ngozi. Mayi wodwala khunyu asaleke mankhwala yekha atamva zimenezi, koma akafunse kuchipatala asanatenge pakati. Ndipo ana ambiri amabadwa motero popanda cholakwa chilichonse chimene mayi anachita.

Kusoka mlomo ndi ntchito yakale zedi. Mabuku a ku China amasimba za mnyamata wina wosauka, dzina lake Wei Yongzhi, amene cha m'ma 390 anayenda ulendo wautali kukafuna sing'anga wodziŵa kusoka mlomo. Sing'angayo anamuuza kuti akasokedwa adzakhala masiku 100 akumwa phala lamadzimadzi lokha, osaseka ndi osalankhula. Mnyamatayo anavomera, anachira, ndipo pambuyo pake anakhala nduna yaikulu m'boma. Koma denga la m'kamwa linagonjetsa asing'anga kwa zaka zina zoposa 1,000. Malowo ndi akuya, amdima, onyoŵa nthaŵi zonse ndi malovu, ndipo amagwedezeka munthu akangomeza. Ambroise Paré, dokotala wa mafumu a ku France m'zaka za m'ma 1500, ankangotseka mpata wa m'kamwa ndi kachitsulo ka golide kapena siliva.

Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 1816, pamene Carl Ferdinand von Graefe wa ku Berlin anasoka mbali yofeŵa ya kumbuyo kwa denga la m'kamwa. Patapita zaka zitatu, mu 1819, ku Paris kunachitika nkhani imene madokotala amaikumbukirabe. John Stephenson, mnyamata wa ku Montreal m'dziko la Canada, amene ankaphunzira udokotala ku Edinburgh, anapita kukaonerera ntchito ya dokotala wotchuka Philibert Roux. Roux atamva m'mene mnyamatayo ankalankhulira, mawu akutulukira m'mphuno, anamyang'ana m'kamwa napeza mng'alu. Stephenson anavomera kusokedwa. Mankhwala ogonetsa kunalibe. Anakhala pa mpando ali maso, atayasama pafupifupi ola lathunthu, wina akucheka m'mbali mwa mng'aluwo ndi kuloŵetsa singano pafupi ndi mmero. Anachira, ndipo mu 1820 analemba nkhani ya m'kamwa mwake momwemo kuti alandire digiri yake. Atabwerera kwawo anakhala mmodzi mwa amene anayambitsa sukulu ya udokotala imene lero ili pa yunivesite ya McGill. Munthu amene anzake ankavutika kumumva anatha moyo wake akuphunzitsa m'kalasi.

Wamkulu wolimba mtima akanatha kupirira ululu wotero, koma khanda ayi. N'chifukwa chake mankhwala ogonetsa, ether mu 1846 ndi chloroform mu 1847, ndiwo anatsegulira ana khomo. Vuto lina linatsala: mbali yolimba ya kutsogolo, imene ili ndi fupa, inkang'ambikanso ikasokedwa, popeza mnofu wake ndi wosatamuka. Bernhard von Langenbeck, nayenso wa ku Berlin, anapeza njira mu 1861. Anacheka mizere iŵiri m'mbali, pafupi ndi mano, nakanganula mnofu wonse pa fupa pamodzi ndi mitsempha yake ya magazi, kenaka anakankhira mbali ziŵirizo pakati n'kuzisoka popanda kukoka. Njira imeneyi, yokonzedwa apa ndi apo, ikugwirabe ntchito. M'chaka chomwecho cha 1861, Bishopu Mackenzie ndi anzake ankamanga misasa yawo yoyamba pa Magomero, phiri la Mulanje likuonekera patali, ndipo m'dziko lonse lino munalibe chipatala n'chimodzi chomwe.

Anadza ena pambuyo pake. Victor Veau wa ku Paris, m'buku lake la 1931, analimbikira kunena kuti kutseka mpata sikokwanira, koma minofu ya mbali yofeŵa iyenera kulumikizidwa kuti igwire ntchito. Ralph Millard wa ku America, akugwira ntchito ku Korea m'zaka za m'ma 1950, anapeza kasokedwe ka mlomo kamene kamabisa chipsera mu mzere wachibadwa wa pansi pa mphuno.

Mawu a Veau ndiwo mutu wa nkhani yonse, pakuti mbali yofeŵayo ndi chitseko. Munthu akameza kapena kulankhula, imakwera n'kutseka njira ya kumphuno. Ikakhala yong'ambika, khanda silitha kukoka mkaka m'bere ngakhale litayesetsa chotani. Limayamwa nthaŵi yaitali, limameza mpweya wambiri, limatopa, n'kugona lisanakhute. Mkaka wina umatulukira m'mphuno, wina umasochera kunka m'mapapo ndi kuyambitsa chibayo. Minofu yomweyo ndiyo imatsegula kanjira kochokera kumbuyo kwa mphuno kukafika m'kati mwa khutu. Ikalephera, madzi amadzaza m'khutumo, mafinya amatuluka kaŵirikaŵiri, ndipo mwana amamva ngati ali pansi pa madzi. Mphunzitsi amamuyesa wamwano kapena mbuli, pamene iye sakumva. Mano amamera mopingasa pamene mng'alu wadutsa m'nkhama. Ana ena amabadwanso ndi chibwano chaching'ono, lilime n'kumagwera kumbuyo ndi kutseka mpweya. Dokotala wa ku France, Pierre Robin, analongosola zimenezi mu 1923, ndipo mwana wotere ngofunika kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimene chimapweteka nthaŵi yaitali ndicho kalankhulidwe. Chicheŵa chili ndi mawu ambiri ofuna kuti mpweya uyambe waunjikana m'kamwa kenaka uphulike, monga phala, thumba, khasu ndi tsabola. Mpweya ukamathaŵira m'mphuno, mawu ameneŵa samveka. Mwana amatha kuitana "amama" bwinobwino, koma akati aitane "ababa" zimamvekanso ngati "amama". Poyesa kudzithandiza, amazoloŵera kupangira mawu kummero, ndipo chizoloŵezi chimenechi chikakhazikika sichichoka chokha ngakhale m'kamwa mutasokedwa. Apa ndi pamene pagona chifukwa chimene madokotala amafunira kusoka mlomo mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6, ndi denga la m'kamwa ali ndi miyezi 9 mpaka 18, asanayambe kulumikiza mawu.

Nzeru zonsezi zinachedwa kufika ku Likhubula. Amishoni a Church of Scotland, amene anakhazikika ku Blantyre mu 1876, anafika ku Mulanje chaka cha 1900 chisanakwane, ndipo pa ntchito yawo panaphuka chipatala cha Mulanje Mission, chimene lero chili m'manja mwa Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP. Koma zipatala za nthaŵi imeneyo zinkalimbana ndi malungo, zilonda ndi uchembere. Chipatala cha Queen Elizabeth, chimene anthu amachitcha Gulupu, chinatsegulidwa mu 1958, ndipo kwa zaka zambiri madokotala a opaleshoni kumeneko anali oŵerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Dr Jan Borgstein wa ku Netherlands ndi Dr Michael King wa ku Britain ndi ena mwa iwo. Dokotala mmodzi ankalandira wovulala pa ngozi ya galimoto, wotupa matumbo ndi wopsa ndi moto tsiku limodzi, kotero kuti mwana wa m'kamwa mong'ambika, amene sanali kufa tsiku limenelo, ankadikira. Ambiri sanafike n'komwe. Kuchokera ku Likhubula munthu amayamba wafika pa Chitakale, kenaka makilomita oposa 60 kukafika ku Blantyre, ndipo banja lodalira kuthyola tiyi kapena kugulitsa nkhuni linkayamba laŵerengera mtengo wa basi ndi chakudya cha womdikirira wodwala.

Sukulu ya udokotala ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Mu 2002 mumzinda womwewo munatsegulidwa chipatala cha Beit CURE, chothandiza ana olumala popanda kulipiritsa. Bungwe la Operation Smile, limene Dr William Magee ndi mkazi wake Kathleen analiyambitsa mu 1982 atabwerako ku Philippines, linayamba ntchito m'Malaŵi mu 2012, ndipo lakhala likusoka ana kwaulere ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Blantyre. Mu 2017 pa Gulupu panatsegulidwa Mercy James Centre, nyumba ya opaleshoni ya ana okhaokha.

Alendo obwera kwa mlungu umodzi kapena iŵiri anathandiza ana ambiri, ndipo palibe angakane zimenezo. Koma mlomo ndiwo umakoma pa chithunzi, pamene denga la m'kamwa limafuna kulondola mwana kwa zaka. Mwa ana ena ulusi umamasuka n'kusiya kabowo kofuna kusokanso. Ena amafuna timachubu ta m'makutu, ena amafuna kuikidwa kafupa m'nkhama ali ndi zaka 8 mpaka 11, mano achikulire asanamere pamenepo. Zimenezi sangachite munthu amene wakwera kale ndege. Chinthu chachikulu koposa m'mbiri imeneyi ndi chakuti Amalaŵi eni ake, monga Dr Tilinde Chokotho ndi Dr Wone Banda, anaphunzira ukatswiri umenewu ndi kuyamba kuphunzitsa anzawo. Chimene chikusoŵabe kwambiri ndi akatswiri ophunzitsa ana kulankhula, amene m'dziko muno ndi ochepa zedi.

Pa zonsezi, ntchito yoyamba ili m'manja mwa mayi, ndipo imayamba dokotala asanaoneke. Mu 1966 madokotala aŵiri a ku America, Wilhelmsen ndi Musgrave, anaonetsa kuti ngozi ya opaleshoni imachepa mwana akalemera mapaundi 10, amene ndi makilogalamu pafupifupi 4.5, ndiponso akakhala ndi magazi okwanira. Masiku ano madokotala amayeza zambiri kuposa pamenepa, koma mwana wowonda amabwezedwabe kunyumba kuti akayambe wanenepa. Kubwezedwa kotero, pambuyo pa ulendo wogulitsira mbuzi, n'koŵaŵa. Anamwino amalangiza kuti mayi afinyire mkaka wa m'maŵere m'kapu yoyera, amkhazike mwana chilili pa miyendo, ndi kummwetsa pang'onopang'ono ndi kapu kapena supuni, pafupipafupi usana ndi usiku, akumgeyetsa kaŵirikaŵiri. Mwana wong'ambika mlomo wokha nthaŵi zambiri amayamwa ndithu, mayi akatseka mpatawo ndi bere kapena chala. Ntchito yotere imadya tsiku lonse. Mayi amene akuichita sangakwerenso njira ya ku Chambe kukatola nkhuni, ndipo bambo, agogo ndi alamu akapanda kugwirapo, sikelo imaonetsa mwezi womwewo.

Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 91 mwa 100 alionse m'Malaŵi ankabadwira kuchipatala, kusiyana kwambiri ndi masiku a azamba. Tsono mwayi woyang'ana m'kamwa mwa khanda ndi tochi tsiku loyamba ulipo, ndipo kholo lili ndi ufulu wopempha namwino kuti atero. Chilema chikapezeka, chilembedwe m'buku la kusikelo, ndipo chipatala cha boma pa Mulanje kapena cha Mission chipereke kalata yopitira ku Blantyre. Amene anapitirira msinkhu asataye mtima: ana a sukulu ndi akuluakulu omwe amasokedwa, chakudya n'kuleka kutulukira m'mphuno, ngakhale kuti mawu awo amafuna kuphunzitsidwa mwakhama kwa miyezi yambiri. John Stephenson anasokedwa ali ndi zaka zoposa 20.