INKOSI GOMANI II NDI MALAMULO A DZIKO LA AMASEKO

Munthu akaima pa Bwanje dzuwa likutuluka ndi kuponya maso chakumadzulo, amaona mtandadza wa mapiri woyambira kumwera kunka kumpoto. Mapiri amenewa ndiwo amagawa boma la Ntcheu pawiri: kumtunda kozizira kumene kumalimidwa kachewere, kabichi ndi nyemba, ndi kuchigwa kotentha kwa thonje, chimanga ndi mapira. Mitsinje yambiri yothirira chigwa cha Bwanje imachokera kumtundako. Koma pa zaka zoposa makumi atatu, kuyambira mu 1921 kufikira mu 1953, kumtunda komweko kunkachokeranso chinthu china chimene chinkakhudza mlimi aliyense wa m'chigwamo. Chinthucho chidali malamulo, ndipo ankatsika kuchokera ku Lizulu, kulikulu la Inkosi ya Makosi Philip Zitonga Gomani II.

Dziko la Angoni a kwa Maseko lidali kadziko kakang'ono m'kati mwa dziko lina. Lidali ndi mwini wake, nduna zake, bwalo lake la milandu ndiponso thumba lake la ndalama, ngakhale kuti pamwamba pa zonsezi padakhala bwanamkubwa wa ku Zomba. Amasekowa adachokera kumwera kwa Africa, nawoloka Zambezi, nakafika mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Pambuyo pake adabwerera motsogozedwa ndi Chidyaonga nadzakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870. M'masiku a Chikuse mphamvu yawo inkamveka mpaka kutsidya la Shire.

Chaka cha 1891 chidawabweretsera masoka awiri. Chikuse adamwalira, ndipo padabuka nkhondo ya pachiweniweni pakati pa Gomani I ndi Kachindamoto. M'chaka chomwecho Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana za malire awo, mwini nthaka osamufunsa. Malirewo adadula dziko la Amaseko pakati, Domwe n'kugwera mbali ya Apwitikizi. Mpaka lero wapaulendo akafika pa Lizulu amapeza kuti tsidya lina la msewu ndi Malawi pamene tsidya linalo ndi Mozambique, koma anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi, ziwongo zawo n'zimodzi. Patangopita zaka zisanu, mu Okutobala 1896, asilikali a Angerezi adagwira Gomani I namuwombera. Akuluakulu amasimba kuti iye adakana kuyendetsedwa ali womangidwa ngati kapolo. Pa nthawiyi mwana wake Philip adali wamng'ono ndithu.

Philip adalongedwa ufumu mu 1921. Mpando umene adaulandira udali wosiyana kwambiri ndi wa bambo ake. Malinga ndi lamulo la 1912, mafumu akuluakulu adali ngati amithenga a bwana DC: kuthandiza kutolera msonkho, kupeza anthu olambula misewu ndi kuulula olakwa. Zinthu zidasintha mu 1933 pamene boma la atsamunda, pansi pa bwanamkubwa Hubert Young, lidakhazikitsa malamulo awiri, lina lopereka ulamuliro kwa mafumu ndi lina lovomereza mabwalo awo a milandu. Kuyambira pamenepo mfumu yovomerezeka idaloledwa kupereka malamulo m'dera lake pa nkhani monga kufulula mowa, kusamala madzi akumwa, kudula mitengo, kupewa matenda opatsirana ndi kulima chakudya chokwanira banja. Idaloledwanso kuweruza ophwanya malamulowo ndi kusunga gawo lina la msonkho kuti lilipire alembi ndi amithenga ake.

Mphamvuyi idali yobwereka, ndipo mwini wake sadabise zimenezi. Lamulo lililonse lolembedwa linkayenera kuvomerezedwa ndi boma, ndipo bwanamkubwa yemwe ankavomereza mfumu ndiye ankathanso kuichotsa. Komabe tisaipeputse. M'zaka zimenezo mu Nyumba ya Malamulo ku Zomba mudalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Awiri oyamba adalowamo mu 1949, ndipo sadasankhidwe ndi mavoti a anthu. Choncho kwa mlimi wa ku Bwanje, nyumba ya malamulo yokhayo imene mawu ake akadafikako idali bwalo la mfumu. Nkhani inkayambira kwa nyakwawa, n'kupita kwa mafumu a m'chigwa monga Ganya, Masasa ndi Makwangwala, kenaka n'kukwera mapiri kunka ku Lizulu. Yankho linkatsika njira yomweyo.

Inkosi Gomani adagwiritsa ntchito mpatawu mwakhama. Adatchuka polimbikitsa ukhondo m'midzi, kutumiza ana kusukulu ndi kulima mwaluso. Akuluakulu a boma ankawayamikira ngati chitsanzo cha mfumu yotsogola. Margaret Read, mayi wa ku England amene adakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930 kufufuza chikhalidwe chawo, adatenga zambiri za m'buku lake la The Ngoni of Nyasaland m'dziko la Gomani lomweli. Zoti mwana wa munthu amene adaphedwa ndi Angerezi n'kukhala wodalirika kwa Angerezi omwewo zingaoneke zodabwitsa. Koma iwo adaona kuti nthawi ya nthungo ndi chishango idatha, ndipo njira yokhayo yotsala yosungira dzina la Maseko idali kulamulira bwino m'kabwalo kakang'ono kamene adapatsidwa.

Pa malamulo onse a nthawi imeneyo, amene adakhudza kwambiri anthu a m'chigwa ndi a zaulimi. Njanji yochokera ku Balaka kunka ku Salima, imene idatha kumangidwa mu 1935, idadutsa m'chigwa cha Bwanje kudzera pa Bilila ndi Sharpe Vale, ndipo idachititsa kuti thonje likhale ndi njira yopitira kumsika. Koma thonje lidabwera ndi zofuna zake. Mlimi ankayenera kuzula ndi kutentha mitengo yake yakale tsiku loikika lisanakwane pofuna kupha mbozi. Kumtunda nako alangizi adadandaula kuti nthaka ikukokoloka chifukwa cha kudula mitengo ndi kulima m'malo otsetsereka. Dandauloli lidali loona. Anthu a kuchigwa ankaona okha mitsinje ikutsika ndi matope ofiira nthawi ya dzinja.

Nkhondo yachiwiri itatha, boma lidaumitsa dzanja. Lamulo losamala zachilengedwe la 1946 lidapatsa akuluakulu a zaulimi mphamvu yokakamiza, ndipo njala ya 1949 idachititsa bwanamkubwa Geoffrey Colby kukhulupirira kuti kunyengerera kwalephera. Apa ndipo padabadwira mawu akuti malimidwe, amene kwa anthu a m'badwo umenewo sankatanthauza ulimi wabwino koma chizunzo. Matutu, amene makolo ankabzalapo mbewu, adaletsedwa. Aliyense adalamulidwa kuunga mizere yopingasa, kukumba milambala, kusosa ndi kugalauza munda tsiku la boma lisanafike, ndi kuleka kulima m'mphepete mwa mitsinje. Ntchito yambiri inkagwa m'chilimwe nthaka ili gwa, ndipo m'midzi yambiri amuna adali ku Halale kapena ku Joni, kotero kuti khasu lidatsalira amayi ndi nkhalamba. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Ena ankazulilidwa mbewu zimene adabzala mosatsata mzere.

Chopweteka kwa mafumu chidali chakuti milandu imeneyi inkaweruzidwa m'mabwalo awo omwe. Lamulo linkaganiziridwa ku Zomba, koma wolilengeza ndi wolanga adali mfumu. Mayi wamasiye amene adalipira chindapusa sankamudziwa mkulu wa zaulimi. Ankadziwa nyakwawa yake ndi mthenga wa kubwalo. Inkosi Gomani adagwirizana nawo malamulowa kwa zaka zambiri chifukwa adakhulupirira kuti nthaka iyenera kutetezedwa. Pa chifukwa chimenechi zimene adachita mu 1953 sitingazitche ulesi kapena kusadziwa phindu la mizere.

Chimene chidawatembenuza mtima ndi Chitaganya. Azungu a ku Southern Rhodesia adakhala akufuna kwa nthawi yaitali kuphatikiza dziko lawo ndi Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Bungwe la Bledisloe, limene lidayendera maikowa mu 1938, lidapeza kuti anthu akuda a kuno sakufuna m'pang'ono pomwe. Anthu a ku Ntcheu sadafunikire wowaphunzitsa pa nkhaniyi. Ambiri a iwo adagwirapo ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Rhodesia; adayendapo ndi chitupa m'thumba, ndipo adaona momwe lamulo la 1930 lidagawira nthaka yabwino kwa azungu. Kwa iwo Chitaganya chidatanthauza kulandidwa minda. Kumayambiriro kwa 1953 mafumu a ku Nyasaland adapita ku London kukadandaula kwa Mfumukazi, koma sadaloledwe kuonana nayo. Pa 9 Epulo ovota a ku Southern Rhodesia, pafupifupi onse azungu, adavomereza Chitaganya. Mamiliyoni a anthu akuda sadafunsidwe.

M'mwezi womwewo mafumu ndi atsogoleri a Nyasaland African Congress adapangana zoleka kugwirizana ndi boma, koma popanda chiwawa, ndipo adakhazikitsa bungwe lotsogozedwa ndi Mfumu Mwase ya ku Kasungu. Kupangana n'kosavuta, chovuta ndi kupeza woyamba kuponda m'madzi. Woyambayo adali Inkosi Gomani. Mu Meyi 1953 adalengeza kwa anthu awo kuti asatsatenso malamulo a boma a zaulimi. Lamulo limeneli silidapite ku Zomba kukapempha chilolezo, ndipo mwa malamulo onse amene adatuluka ku Lizulu ndilo limakumbukika koposa ena onse.

Kodi kudali kwanzeru kumenya nkhondo ya ndale pogwiritsa ntchito nthaka, imene ilibe mbali? Funsoli n'loyenera, pakuti mvula siidziwa Chitaganya, ndipo munda wopanda mizere umakokoloka ngakhale mwini wake ali ndi chifukwa chomveka. Koma mfumuyi idalibe voti, idalibe mpando ku Zomba, idalibenso asilikali. Chida chokha chimene chidali m'manja mwake ndi kumvera kwa anthu ake, kumene boma lidakhala likukubwereka kwa zaka makumi awiri. Pochotsa kumverako, Inkosi Gomani adaonetsa poyera kuti ulamuliro wa atsamunda m'midzi udaima pa mapewa a mafumu. Boma lidamva msanga tanthauzo lake, ndipo n'chifukwa chake silidachedwe.

Litawauza kuti abweze mawu awo iwo n'kukana, lidawaimitsa pa udindo ndi kulamula kuti achotsedwe m'boma la Ntcheu. Chakumapeto kwa Meyi apolisi adafika ku Lizulu kudzawatenga. Inkosi Gomani adali kale munthu wodwaladwala ndi wofooka m'thupi. Khamu la anthu lidatchinga, padabuka chipwirikiti, ndipo m'kati mwa chisokonezocho mfumuyo idazembetsedwa. Pamodzi ndi mwana wake Willard ndiponso mbusa wa mpingo wa Anglican, Michael Scott, idawolokera m'dziko la Apwitikizi. Scott ameneyu adali atadziwika kale polankhulira Aherero a ku South West Africa ku bungwe la United Nations. Malire aja a 1891, amene adang'amba dziko la Amaseko, adasanduka pothawira mwini dziko, koma kwa masiku owerengeka okha. Apwitikizi adawagwira ndi kuwabweza. Scott adapirikitsidwa m'dziko muno, ndipo Inkosi Gomani sadaloledwenso kubwerera kwawo.

Moto umene udayaka ku Lizulu udafalikira kwina. Mafumu ena adatula pansi maudindo awo, ngakhale kuti angapo adabweza maganizo ataona ukali wa boma. Mu Ogasiti ndi Seputembala kudabuka zipolowe ku Thyolo, ku Domasi ndi kuchigwa cha Shire, ndipo anthu 11 adaphedwa. Zonsezi sizidaletse Chitaganya, chimene chidakhazikitsidwa pa 1 Ogasiti 1953. Congress idafooka kwa kanthawi, ndipo malimidwe adapitirira monga kale. Poyang'ana chaka chimenecho chokha, mfumu ya ku Lizulu idagonja pa zonse.

Inkosi Gomani II adamwalirira ku chipatala cha Malamulo ku Thyolo mu Meyi 1954, patangotha chaka chimodzi chilengezere lamulo lawo lomaliza. Mtembo wawo ndiwo udaloledwa kubwerera ku Lizulu, kumene anthu zikwizikwi adasonkhana kudzaika mfumu yawo. Angoni adafuna kuti Willard alowe m'malo mwa bambo ake, koma boma la atsamunda lidakana kumuvomereza, ndipo kuyambira pamenepo Ntcheu lidakhala boma lovuta kwa akapitawo a zaulimi. Atsogoleri achinyamata amene adadzutsanso Congress chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 adapeza kuti m'midzi mawu akuti malimidwe ndi akuti Chitaganya adali atalukana kale ngati chingwe chimodzi.

Chisankho cha mu Ogasiti 1961 chitachitika, Dr. H. Kamuzu Banda adatenga unduna woona zachilengedwe ndi maboma aang'ono, ndipo kulanga alimi chifukwa cha mizere kudalekeka. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963. Willard adadzakhala Gomani III, ndipo mpando wa Amaseko udafika kwa Gomani V, amene adalongedwa mu 2012. M'chaka chomwecho Banki Yaikulu ya dziko lino idatulutsa ndalama zatsopano za mapepala, ndipo pa K50 idaikapo nkhope ya Philip Zitonga Gomani II.