Ngamira Zosokera ndi Wosunga Mabuku wa ku Rayy

Tsiku lina masana, titangomaliza kubwereza Sura ndi ana a kalasi laling'ono, mnyamata wina adakweza dzanja. Bambo ake amagula chambo kudooko n'kukagulitsa kumtunda, ndipo iye amathandiza kuthira ayezi m'mabokosi a nsomba. "A Mwalimu," adatero, "ayezi ndi wolimba ngati mwala. Nanga bwanji iye amayandama pomwe mwala umamira?" Anzake adaseka. Ife tidamuuza kuti funso lotere si la pamadrasa, ayang'ane pa juzu yake. Mwanayo adatsitsa dzanja, ndipo sabata yonseyo sadafunsenso kanthu.

Usiku umenewo tidasowa mtendere, pakuti tidakumbukira kuti funso lomweli lidafunsidwapo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndipo wofunsa ndi woyankha onse adali pakati pa anthu ophunzira koposa amene Chisilamu chidabala. Tisadafike kwa iwo, tiyambe ndi munthu wina amene ntchito yake idali yosunga mabuku.

Mzinda wa Rayy udali pafupi ndi pamene lero pali Tehran, m'dziko la Iran. M'zaka za m'ma 960, nduna yaikulu ya mfumu Rukn al-Dawla idali Abu al-Fadl Ibn al-Amid, munthu wokonda kuwerenga. Nyumba yake yosungiramo mabuku adaipereka m'manja mwa Ahmad ibn Muhammad Miskawayh, amene adatumikira ndunayo zaka zisanu ndi ziwiri. Pa Chiarabu wosunga mabuku ankatchedwa khazin, dzina lomwe limaperekedwanso kwa wosunga chuma.

Miskawayh mwini adalemba zimene zidachitika m'chaka cha 966. Khamu la ankhondo ochokera ku Khurasan lidafika mu Rayy likunena kuti likupita kukamenyana ndi Aroma a ku Byzantium. Atakanizidwa chuma chimene ankafuna, adaukira mzinda ndi kufunkha nyumba ya nduna. Ibn al-Amid pobwerera usiku adapeza mulibe pokhala, ngakhale chikho chomwera madzi. Koma mtima wake udali pa mabuku, amene adali ochuluka mwakuti powasamutsa pakadafunika nyama zonyamula katundu zoposa 100. Ataona Miskawayh adafunsa za mabukuwo, ndipo atamva kuti palibe adawakhudza, nkhope yake idawala. Katundu wina yense akadatha kumugulanso. Mabuku olembedwa pamanja sakadapezekanso pamsika.

Kwa wosunga mabuku ameneyu kudafika kalata ya Abu Hayyan al-Tawhidi, mlembi wa luso lalikulu koma wosauka, amene ankadya thukuta la kukopera ena mabuku. Kalatayo idadzaza ndi mafunso. M'buku limene latifikira muli mafunso 175, ndipo dzina la bukulo ndi Al-Hawamil wa al-Shawamil. Hawamil ndi ngamira zolekereredwa kuti zizingoyendayenda popanda mbusa, ndiwo mafunso a Tawhidi. Shawamil ndi mayankho a Miskawayh, amene adazisonkhanitsa ndi kuzibweza kukhola.

Ena mwa mafunsowo ndi ozama, okhudza mzimu, imfa ndi chilungamo. Koma ambiri ndi amene timawamva pakhonde madzulo, kapena pamchenga asodzi akusoka maukonde. Tawhidi adafuna kudziwa chifukwa chimene munthu amasekera akaona mnzake akuseka, ngakhale asakudziwa chomwe chaseketsa mnzakeyo. Adafunsa chifukwa chimene timalakalakira masiku akale ndi malo amene tidakhalako, ngakhale kuti tidali kuvutika. Adafunsa chifukwa chimene kutama munthu pamaso pake kumaoneka konyansa, pomwe kumutama iye kulibe n'kokoma. Adafunsanso chifukwa chimene anthu onse amalangizana kusunga chinsinsi, koma chinsinsicho n'kumamvekabe mudzi wonse.

Miskawayh adali munthu wa kunyumba ya mafumu, wotanganidwa, ndipo iye ndi Tawhidi sadali mabwenzi a ponda apa nane mpondepo. M'zolemba zina Tawhidi adamunyoza ndithu. Komabe mafunsowo sadawataye. Pa nkhani ya chinsinsi adafotokoza kuti mtima wa munthu uli ndi chilakolako cha mitundu iwiri: cholandira zimene sukudziwa, ndi chopereka zimene wadziwa. Choncho kuulula n'kopepuka ngati kutsika phiri, pamene kusunga kumafuna kudziletsa, ndipo kudziletsako ndi khalidwe loyenera kuliphunzira. Funso lomwe likadathera m'phwete lidasanduka phunziro la makhalidwe. Ndi Miskawayh yemweyu amene pambuyo pake adalemba Tahdhib al-Akhlaq, buku la kakonzedwe ka makhalidwe limene likuwerengedwabe mpaka lero.

Sitikunena kuti mayankho ake onse adali olondola. Pamene Tawhidi adafunsa za kusiyana kwa khalidwe pakati pa anthu onenepa ndi oonda, kapena aatali ndi aafupi, Miskawayh adatsamira pa maganizo a asing'anga a Chigiriki onena za kutentha, kuzizira, kunyowa ndi kuuma kwa thupi, maganizo amene madokotala adawasiya kalekale. Chimene tikutolapo ndi ulemu umene adapereka kwa wofunsa. Miskawayh adamwalira mu 1030. Tawhidi, atakalamba ndi kukhumudwa ndi anthu a nthawi yake, adatentha mabuku ake. Koma ngamira zake zidapulumuka, ndipo bukulo lidasindikizidwa ku Cairo mu 1951 kudzera mu khama la Ahmad Amin ndi Sayyid Ahmad Saqr.

Tsopano tibwerere ku funso la ayezi. Cha m'ma 1000, Abu Rayhan al-Biruni wa ku Khwarazm, yemwe adabadwa mu 973, adatumiza mafunso 18 kwa mnyamata wina wa ku Bukhara wotchedwa Ibn Sina. Mnyamatayu naye adakulira m'mabuku: atathandiza kuchiza mfumu Nuh ibn Mansur, adaloledwa kulowa m'nyumba ya mabuku ya mfumuyo, momwe chipinda chilichonse chidali ndi mabuku a phunziro lakelake. Mafunso khumi adali otsutsa zimene Aristotle adalemba za thambo. Asanu ndi atatu otsalawo adali a zinthu zooneka ndi maso. Limodzi lidali lakuti, ngati zinthu zimafufuma zikatentha ndi kukhwinyata zikazizira, bwanji chotengera chodzaza madzi chimasweka madziwo akaundana? Lina lidali la mwana wathu uja: bwanji madzi oundana amayandama?

Ibn Sina adayankha kuti madzi akamaundana amatsekera mpweya mkati mwake, ndipo mpweyawo ndiwo umaletsa kumira. Al-Biruni sadakhutire ndi mayankho angapo a mnzakeyo, ndipo adalembanso kalata yotsutsa, imene idayankhidwa ndi al-Ma'sumi, wophunzira wa Ibn Sina. Patapita zaka, al-Biruni adapanga chipangizo choyezera madzi amene chinthu chimakankha chikamizidwa, ndipo adayeza kulemera kwa golide, siliva, mkuwa ndi miyala yamtengo wapatali poyerekeza ndi kukula kwake.

Lero tikudziwa kuti mafunso awiri aja yankho lake ndi limodzi. Madzi amasiyana ndi zinthu zambiri chifukwa akaundana amafufuma, kuwonjezera pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi ndi limodzi. Ndiye chifukwa chake botolo lodzaza limaphulika mufiriji. Ndiye chifukwa chakenso chikho cha ayezi chimapepuka kuposa chikho cha madzi, ndipo chopepukacho chimakhala pamwamba. M'maiko ozizira nyanja imaundana pamwamba pokha, nsomba n'kumakhalabe ndi moyo pansi. Mphunzitsi wa madrasa akadafuna chitsanzo cha nzeru za Allah m'chilengedwe, akadachipeza m'funso lomwe ife tidalikana.

Tikudziwa chimene ena anganene, ndipo ali ndi mfundo. Qur'an, mu Sura al-Ma'ida ndime 101, ikuchenjeza za mafunso ena, ndipo Mtumiki Muhammad (SAW) sadakonde kuchulutsa mafunso opanda pake. Koma akuluakulu a Tafsir amafotokoza kuti oletsedwa ndi mafunso achipongwe, oyesa woyankha, ndi ofuna kudziumitsira malamulo, monga momwe ana a Israeli adachitira pa nkhani ya ng'ombe. Qur'an yomweyo, mu Sura al-Baqara ndime 189, idasunga funso la anthu amene adafunsa za mwezi watsopano, ndipo idawayankha. Mayi Aisha (RA) adayamikira akazi a Chiansari chifukwa manyazi sadawaletse kufunsa za chipembedzo chawo. Makolo athu nawo adati safunsa adadya phula.

Mwana wa kunyanja kuno akakhoza mayeso n'kukafika ku yunivesite ku Zomba, akapeza m'laibulale munthu amene ntchito yake ndi yofanana ndi ya Miskawayh: kulandira funso lililonse ndi kulozera wofunsa pamene yankho lili. Koma amene adazolowera kutsitsa dzanja ali ndi zaka zisanu ndi zinayi adzadutsa pa tebulo limenelo osayima. Ndipo mwana amene sitimuyankha sasiya kufunsa. Amakafunsa foni ya mkulu wake, imene imayankha zoona ndi zabodza ndi mawu amodzimodzi, ndipo tsiku lina akafunsa kumeneko za chipembedzo chomwe.

Loweruka lotsatira tidabwera ndi ndowa ya madzi, chibenthu cha ayezi ndi mwala wa kugombe. Tidamuitana mnyamata uja kutsogolo, tidapepesa pamaso pa anzake, ndipo tidamuuza dzina la al-Biruni. Kuyambira pamenepo pamadrasa pathu pali kope limene mwana aliyense amalembamo funso lake. Ena timayankha pomwepo, ena timakafufuza m'mabuku kapena kwa aphunzitsi a kusekondale, ndipo pa ena timanena poyera kuti Allah ndiye akudziwa bwino. Tsamba loyamba lidadzaza m'masiku atatu. Funso lomwe tikulimbana nalo tsopano lidachokera kwa mtsikana wa kalasi lomwelo, amene akufuna kudziwa chifukwa chimene usipa umathamangira kuwala kwa nyali za asodzi.