Kodi bwana ali kuti mu filimu?

Tikamatamba mafilimu okamba za anthu ogwila nchito, ambili a ife timayang'ana wanchitoyo: thukuta lake, nkhongole zake, ana ake. Koma pali funso lina limene limationetsa mmene cuma casinthila: bwana ali kuti? Mafilimu atatu a zaka zosiyana amayankha mosiyana.

Yoyamba ni Modern Times ya Charlie Chaplin, ya mu 1936. Panthawiyo mafakitale a ku America anali atatengela njila ya Henry Ford, amene mu 1913 anayamba kupangila motoka pa lamba woyenda. Motoka inali kubwela kwa wanchito, ndipo aliyense anali kucita kanthu kamodzi cabe tsiku lonse. Mu filimuyi Chaplin amamanga manati mpaka manja ake amapitiliza kugwedezeka ngakhale lamba ataima. Akathawila ku cimbudzi kuti akokeko fodya, bwana amaonekela pa sikilini yaikulu n'kumuuza kuti abwelele ku nchito. Amamuyeselanso makina omudyetsa, kuti nthawi ya cakudya ca masana isatayike. Bwana uyu ni wankhanza, koma ali na nkhope komanso ofesi. Anchito akagwilizana, adziwa citseko cimene angagogode.

Yaciwili ni Brassed Off ya mu 1996, yocokela ku Britain. Kumeneko boma la Margaret Thatcher linagonjetsa sitalaka ya anchito a m'migodi ya malasha ya mu 1984 mpaka 1985. Migodi yambili inatsekedwa, ndipo yotsala inagulitsidwa mu 1994. Filimuyi ikamba za bendi ya malipenga ya pa mugodi umene uli pafupi kutsekedwa, ndipo nkhani yake anaitenga ku Grimethorpe, kumene mugodi unatsekedwa mu 1993. Apa bwana sathamangitsa munthu pa nchito. Amaika ndalama zosiyila nchito pa tebulo, anchito n'kuvota okha kuti mugodi wawo utsekedwe. Akacoka, tauni yonse imatsala na funso lakuti bendi ilizila ndani.

Nkhani iyi si yacilendo kwa ife. ZCCM, imene inapangidwa mu 1982, inali kusamalila nyumba, zipatala, masukulu na matimu a bola monga Roan United na Mufulira Wanderers. Pofika mu 2000 migodi inali itagulitsidwa, ndipo mabanja ambili a ku Copperbelt anaona kuti cimene cinatayika sicinali malipilo okha.

Yacitatu ni Sorry We Missed You ya Ken Loach, ya mu 2019. Ricky, tate wa ana awili wa ku Newcastle, amapeza nchito yopelekela maphaselo. Kampani imamuuza kuti si wanchito wake, ni mwini bizinesi. Conco amagulitsa motoka ya mkazi wake kuti apeze dipoziti ya vani. Kamakina ka m'manja kamamuuza kopita na nthawi yofika, ndipo nthawi ni yocepa moti amakodzela m'botolo. Akalova, amalipila faindi. Akawalala atamumenya n'kuphwanya kamakinako, kampani imafuna kuti alipile iye. Filimu imatha Ricky ali na mabala, akuyendetsa vani kupita ku nchito, banja lake likumuletsa.

Onani mmene zinthu zayendela. Mu 1936 fakitale inali ya bwana, ndipo makina akafa, mutu unali kuwawa bwana. Mu 1996 bwana anatseka geti n'kupita. Mu 2019 bwana akali kulamula mphindi iliyonse, koma vani, mafuta, matenda na ngozi zonse zili pa wanchito.

Ambili a ife mu Lusaka, Kitwe na Chipata tikuseŵenza nchito za mtundu wacitatu uwu: kuyendetsa taxi ya pa app, kupeleka zakudya pa njinga ya moto, kukhala mu buti ya mobile money. Dzina lakuti "wodzilemba wekha" limakoma kumva. Koma tikalibe kuvomela, tifunse mafunso amene Ricky anafunika kufunsa. Ndani amaika mtengo? Njinga ikawonongeka, alipila ndani? Tikadwala wiki yathunthu, tidzadya ciyani? Nanga NAPSA atilipilila ndani? Ngati wina ndiye amaika mtengo koma zotayika zonse ni zathu, ndiye kuti bwana alipo, ndipo tiyenela kudziwa dzina lake.